Kupenta tiasilikali ta masewero a nkhondo mwachikale

Ndandalikani tiasilikali 24 pamzere umodzi pa tebulo, kenako mubwerere m'mbuyo mita imodzi. Maso a kamsilikali simuwaona, mabatani nawonso ayi. Chimene chimafika m'maso mwanu ndi mpanda wofiira, malamba oyera opingasana pachifuwa, ndi zipewa zakuda zoyalana pamwamba. Anthu amene ankapenta tizidole timeneti ku Britain m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankadziwa kuti wosewera amaonera pamenepo, ataimirira, dayisi ali m'manja. N'chifukwa chake ankapenta gulu lonse nthawi imodzi, mitundu yosasakaniza, malire ooneka bwino, pomaliza n'kuthira vanishi wonyezimira ngati galasi. Kapentedwe kameneka ndi kamene ndifotokoze pano, ndipo chitsanzo chathu chikhala asilikali oyenda pansi a Britain amene anamenya nkhondo ya Waterloo pa 18 June 1815, kumwera kwa mzinda wa Brussels ku Belgium.

Masewerowa ndi akalekale ndithu. Mu 1913 wolemba mabuku wa ku Britain H. G. Wells anasindikiza malamulo osewerera nkhondo pansi m'nyumba ndi tiasilikali ta mtovu ta kampani ya Britains, totalika mamilimita 54, ndipo ankatigwetsa ndi timizinga ta sipuling'i. Koma masewerowa anafalikira kwenikweni m'ma 1960, pamene Donald Featherstone anayamba kulemba mabuku ake a masewerowa ndipo kampani ya Airfix inkagulitsa tiasilikali ta pulasitiki toposa 40 m'kabokosi kamodzi, pamtengo woti mwana wasukulu ankakwanitsa. Timeneti n'tating'ono, mamilimita 22 mpaka 24. Ta Waterloo tinatuluka chakumapeto kwa ma 1960 ndi kumayambiriro kwa ma 1970, ndipo mpaka lero timapezeka, tina tatsopano, tina takale togulitsidwa m'timatumba kumisika ya kaunjika ya ku Britain.

Zofunika kukhala nazo si zambiri. Penti amene akale ankagwiritsa ntchito ndi wa mafuta uja wa enamelo, makamaka wa Humbrol, kampani imene inayambira mumzinda wa Hull ku England, wa m'tizitini ta mamililita 14 tokhala ndi nambala pachivundikiro. Pa asilikali athuwa mufunika nambala 34 woyera, 33 wakuda, 60 wofiira, 61 wa khungu, 27 wotuwa ngati phulusa, 62 wofiirira ngati chikopa, 54 wa mkuwa, 11 wasiliva, 25 wabuluu, 80 wobiriwira, ndi mtundu umodzi wa kolala umene tiusankha kutsogoloku. Maburashi atatu akwana: nambala 2 yopakira malo aakulu, nambala 0 ya malamba, ndi 00 ya mizere. Onjezani thinazi wotsukira maburashi, lezala yatsopano, sopo wotsukira mbale, mswachi wotha ntchito, guluu woyera wa matabwa, timitengo tosalala, katoni yolimba, ndi vanishi wonyezimira. Ngati fungo la penti wa mafuta limakupweteketsani mutu, penti wa madzi wa akiriliki amagwiranso ntchito yomweyi ndipo amauma msanga. Ine ndimakondabe wa mafuta chifukwa amayala bwino, sasiya mikwasa ya burashi. Koma tsegulani mawindo, ndipo thinazi asayandikire mbaula kapena kandulo.

Yambani ndi kusambitsa

Ntchito yoyamba ilibe penti n'komwe. Pulasitiki wa tiasilikali timeneti ndi wofewa, woterera ngati wa chigubu cha mafuta ophikira, ndipo amatuluka m'chikombole ali ndi timafuta tosaoneka. Penti sagwira pamenepo. Thirani madzi ofunda m'mbale, donthezani sopo, tsukani kamodzikamodzi ndi mswachi, tsukuluzani, ndipo mutiyanike pa nsalu yoyera usiku wonse. Mukamaliza kusambitsa muzitigwira pa kapondero ka kumapazi basi, chifukwa zala zathunso zili ndi mafuta.

Kenako yang'anani m'mbali mwa kamsilikali. Muona kamzere kotumphuka koyenda kuchokera kuphazi, kudutsa paphewa, mpaka pachipewa. Pamenepo ndi pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Kaduleni ndi lezala yakuthwa kwambiri, mosenda ngati mukusenda nzimbe, kamodzi n'kamodzi. Musapale ndipo musakhule ndi sandipepa, chifukwa pulasitiki wofewayu amangochita ubweya umene penti amauonetsa kuposa kamzere kaja. Mfuti zopindika ziviikeni m'madzi otentha kwa masekondi ochepa, ziwongoleni ndi zala, n'kuziviika m'madzi ozizira zikadali zowongoka.

Pali chinyengo china chimene chimapulumutsa ntchito yonse. Sungunulani guluu woyera ndi madzi pang'ono kuti akhale ngati mkaka, mupake kamsilikali konse mopyapyala, makamaka mfuti ndi mpeni wake wa kunsonga. Guluuyo akauma amakhala ngati khungu lofewa lokuta pulasitiki, ndiye mfuti ikapindika penti sathetheka msanga. Musalole kuti adikhe m'makwinya, mukatero nkhope isanduka nsima.

Tsopano matani tiasilikali 6 kapena 8 pa kamtengo kamodzi ndi kadontho ka guluu, totalikirana kuti burashi izitha kulowa pakati. Sankhani toima mofanana tikhale pa kamtengo kamodzi. Dzanja likapenta lamba yemweyo pamalo omwewo kasanu ndi katatu motsatizana, limaloweza lokha njira, ndipo kachisanu ndi chitatuko mumapenta mukumvera wailesi.

Penti wapansi akhale woyera

Masiku ano ambiri amayamba ndi wakuda. Akale ambiri ankayamba ndi woyera, ndipo pa majekete ofiira anali ndi chifukwa chomveka: wofiira ndi penti wopyapyala, amaonetsa zimene zili pansi pake. Pa wakuda amaoneka ngati chiwindi, pa woyera amawala ngati tomato wakupsa.

Musanaviike burashi, takasani. Penti wa mafuta akakhalitsa, utoto wake umakhazikika pansi ngati matope ndipo pamwamba pamayandama mafuta okhaokha. Tengani kamtengo ka machesi kapena msomali, mutakase mpaka matope onse atasungunuka, mphindi ziwiri kapena zitatu. Ambiri amene amadandaula kuti penti wawo sakuuma, kapena kuti wosanyezimira wayamba kunyezimira, vuto limakhala ulesi wotakasa. Tapani pang'ono muike pa chivundikiro cha botolo kapena pa kambale kosweka, tsekani kachitini, muwonjezere kadontho ka thinazi. Pakani mopyapyala. Dikirani maola osachepera 6 musanapake wina pamwamba, ndipo kusiya mpaka mawa ndiye kwabwino koposa.

Pentani ngati mukumuveka

Lamulo la akale linali losavuta kukumbukira: yambani ndi zimene zili m'kati, mumalize ndi zakunja, monga munthu amavalira. Khungu, malaya, malamba, katundu. Mukatsata zimenezi, mtundu uliwonse watsopano umakwirira zolakwika za wapitawo.

Nkhope ndi manja ndiye poyambira. Musavutike ndi malire, penti akasefukira pa kolala palibe kanthu. Pentani gulu lonse, onse 24, musanatsegule kachitini kena. Maso asiyeni. Pa msinkhu uwu diso ndi laling'ono kuposa njere ya therere, ndipo aliyense amene ndinamuona akuyesa anatulutsa asilikali otong'ola maso ngati aona njoka. Ngati mukufuna kukoma kwa zidole zakale, sakanizani kofiira pang'ono mu penti wa khungu muike kadontho pa tsaya lililonse.

Jekete ndi lofiira. Asilikali wamba ankavala lofiira modera pang'ono, la nsalu yotchipa, pamene akuluakulu awo ankavala lofiira mowala, losokedwa ndi ndalama zawo. Mukafuna kusiyanitsa, donthezani kofiirira pang'ono mu penti wa asilikali wamba, wa akuluakulu mumusiye momwe alili. Pakani mtundu umodzi paliponse, popanda mithunzi, popanda kuwalitsa mapewa. Apa m'pamene anthu ozolowera kapentedwe kamakono amayabwa m'manja. Pirirani, mthunzi ubwera ndi mizere yakuda komanso ndi vanishi.

Mabuluku ndi otuwa ngati phulusa. Nsapato ndi tinsalu tokuta akakolo, zakuda kapena zotuwa moderako. Pamenepa palibe chovuta.

Kolala, mapewa ndi kumapeto kwa mikono ndi pamene gulu lililonse linkadziwikira, ndiye sankhani gulu lanu musanapake. Magulu otchedwa achifumu, monga Royal Scots, anali ndi buluu wodera. Magulu ambiri ankatchulidwa ndi manambala: gulu la 44 linali ndi chikasu, la 69 wobiriwira, la 32 woyera, la 33 wofiira ngati jekete lomwelo. Kwa woyamba kumene ndimalangiza chikasu kapena buluu, chifukwa amaonekera patali. La 33 ndi losavuta kwenikweni popeza palibe chowonjezera, koma pa tebulo limaoneka ngati simunamalize. Gulu la 28 nalonso linali ndi chikasu, koma chenjerani nalo: ilo linapita ku Waterloo litavalabe chipewa chakale chowongoka ngati chumuni, pamene ena ambiri anali atalandira chatsopano cha 1812 chokhala ndi kutsogolo kotalika.

Kenako malamba, ndipo apa khalani pansi bwinobwino chifukwa ndi pamene gulu limakongolera kapena kunyansira. Msilikali anali ndi malamba awiri oyera opingasana pachifuwa, wina wonyamula kabokosi kakuda ka zipolopolo, wina wonyamula mpeni wa kumfuti. Tsamiritsani zigongono pa tebulo, gundanitsani zikhatho, kamtengo kudzanja lina burashi kudzanja lina, kuti manja akanjenjemera anjenjemerere limodzi. Gwiritsani m'mbali mwa nsonga ya burashi, muikoke motsata lamba ulendo umodzi. Woyera pamwamba pa wofiira sakwirira kamodzi, ndiye musakakamize pothira wambiri. Pakani kawiri, tsiku lina ndi lina. Ndipo wofiira uja akhale atauma ndithu. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinapenta majekete madzulo, ndiye poona kuti sakumata chala ndinayamba malamba usiku womwewo. Thinazi wa mu penti woyera anadzutsa wofiira wapansi, ndipo kutacha ndinapeza asilikali 24 atavala malamba apinki. Mnzanga wina wachikulire wa ku kalabu kumene timasewera anangowayang'ana n'kufunsa ngati akupita ku ukwati.

Zotsala ndi katundu. Chikwama cha kumsana n'chakuda, chikhoti chokulunga pamwamba pake n'chotuwa. Thumba la chakudya la m'chiuno ndi loyera modera ngati nsalu ya thumba la ufa. Botolo la madzi linali la thabwa, lozungulira, lopakidwa buluu wotuwirako, lamba wake wofiirira. Mfuti, imene ankaitcha Brown Bess, thabwa lake ndi lofiirira, mpope wake ndi mpeni zasiliva. Chipewa n'chakuda, kutsogolo kuli kachitsulo ka mkuwa, ndipo kadontho kamodzi ka nambala 54 kakwana. Nthenga ya pachipewa imanena za kagulu ka msilikaliyo: yoyera pamwamba yofiira pansi kwa ambiri, yoyera yokhayokha kwa kagulu ka amuna ataliatali oima kudzanja lamanja, yobiriwira kwa kagulu ka othamanga oima kumanzere. Pa 24 aja, anayi akhale a nthenga yoyera, anayi a yobiriwira, ndipo mzere wanu uyamba kuoneka ngati wa munthu wodziwa. Siliva ndi mkuwa muzipaka pomalizira penipeni ndipo mukhale ndi kabotolo kena ka thinazi kotsukira, apo ayi tinyenyeswa tonyezimira tilowa mu mitundu ina yonse.

Mizere yakuda

Ichi ndiye chizindikiro chenicheni cha kapentedwe kachikale. Paliponse pamene mitundu iwiri yakumana, jambulani kamzere kakuda kopyapyala: m'mbali mwa malamba, pakati pa mkono ndi thupi, pansi pa jekete, kuzungulira kolala, pakati pa dzanja ndi mfuti. Pafupi zimaoneka ngati katuni wa m'nyuzipepala. Mukabwerera m'mbuyo mita ija, lamba aliyense amadumpha n'kuonekera payekha.

Sungunulani penti wakuda mpaka aziyenda ngati inki. Viikani nsonga yokha ya burashi ya 00, ipukuteni pang'ono pa pepala, ndipo muigunditse m'ngalande ya pakati pa lamba ndi jekete. Nthawi zambiri penti amathamanga yekha m'ngalandemo, inu kwanu n'kumulondolera. Ena ankagwiritsa ntchito cholembera cha anthu ojambula mapulani a nyumba, cha inki yosasungunuka ndi madzi. Chimathandiza, koma yesani kaye pa kamsilikali kamodzi kuti muone ngati inkiyo sisungunuka ndi vanishi wanu. Mzere ukanenepa musaupukute, dikirani uume n'kuuchepetsa ndi woyera kapena wofiira.

Simukakamizidwa kulemba mzere paliponse. Ngati nthawi ndi yochepa, malamba okha ndi pansi pa mikono zimapereka pafupifupi phindu lonse. Zoti muzijambula timizere toyera ta pa mabatani a jekete pa kamsilikali ka mamilimita 23, zimenezo n'za amene alibe kothamangira.

Mkulu wa gulu amakhala pa hatchi, ndipo pa mahatchi akale ena anali ndi njira yawoyawo. Ankapaka hatchi yonse penti wachikasu chodera, akauma n'kuikuta ndi penti wa mafuta wa m'machubu wa anthu ojambula zithunzi, wofiirira moderako, kenako n'kupukuta ndi kansalu nthawi yomweyo. Penti amatsalira m'makwinya, minofu n'kuonekera yokha. Zimakongola zedi, koma hatchiyo imafuna sabata yathunthu kuti iume. Kwa mkulu mmodzi, wofiirira wamba, mchira ndi miyendo zakuda, kadontho koyera pamphumi, basi.

Vanishi ndi mapondero

Siyani gulu lonse masiku atatu pamalo opanda fumbi. Kuvundikira ndi katoni yoboola m'mbali kumathandiza. Kenako pakani vanishi wonyezimira ndi burashi yofewa, kuchokera kumutu kutsikira kumapazi, osabwerezabwereza pamalo amodzi. Akadikha pakati pa miyendo kapena pansi pa chikwama, mumutape ndi burashi youma. Mawa lake bwerezani kachiwiri, makamaka pa mfuti ndi chipewa, pamene zala zimagwira posewera.

Anthu ambiri amakono amadana ndi kunyezimiraku, amati nsalu ya ubweya sinyezimira. Akunena zoona. Koma vanishi wonyezimira ndi wolimba kuposa wosanyezimira, amazamitsa mitundu ngati mwala wonyowa, ndipo kuwala kwa nyali kukagunda pa mapewa kumapanga mithunzi ija tinaikana poyamba. Amene akale ambiri ankagwiritsa ntchito ndi wa matabwa wamba wa ku hadiweya. Ameneyo ndi wolimba, koma amachita chikasu zaka zikamapita, ndipo malamba oyera amasanduka ngati minyanga. Ena amakukonda kumeneko, amati ndiye ukalamba wake. Ngati simukufuna, gulani vanishi wopangidwira tizidole.

Vanishi akauma, tsomphulani tiasilikali pa timitengo ndi lezala. Dulani katoni yolimba kapena kathabwa kopyapyala, mumate atatu kapena anayi pa kapondero kamodzi, phewa ndi phewa, mamilimita 15 aliyense. Muyeso weniweni umadalira malamulo amene mukusewera, ndiye funsani anzanu osewera nawo musanadule. Pentani kapondero konse wobiriwira, mtundu umodzi, wofanana ndi nsalu ya pa tebulo lanu. Akale enieni ankalekera pomwepo. Ena pambuyo pake anayamba kuwaza utuchi wonyika mu penti wobiriwira, ndipo chizolowezi cha mapondero obiriwira chinapitirira mpaka m'ma 1990, pamene osewera masewero ena a tiasilikali otchedwa Warhammer ankapaka onse ndi penti wa kampani ya Citadel wotchedwa Goblin Green. Miyala, tchire ndi timaluwa zimene mumaona masiku ano zisiyeni, pa kapentedwe aka zimangosokoneza mzere.

Mukapeza ta chitsulo takale

Njira ndi yomweyi, kungoti guluu woyera uja safunika, ndipo timizere ta chikombole mumatha kupala. Koma tambiri takale tili ndi mtovu, womwe ndi poizoni. Musadye mukugwira ntchito, musanyambite burashi, sambani m'manja mukamaliza, sesani tinyenyeswa ndi kansalu konyowa, ndipo ana aang'ono asatifikire. Mukaona ufa wotuwa pa kamsilikali, mtovu wayamba kudyeka. Kapatuleni kwa tinzake, ndipo musasunge ta mtovu m'bokosi la thabwa la mtengo wotchedwa oak, chifukwa mpweya wowawasa wotuluka m'thabwalo ndi umene umayambitsa matendawa. Chinanso, mukapeza kamsilikali ka Britains kopanda kanthu m'kati, ka mtundu umene kampaniyo inayamba kuumba mu 1893 n'kusiya mu 1966, kali ndi penti wake wa kufakitale, musakapentenso ngakhale katakalika. Osonkhanitsa zakale amafuna penti woyambayo, ndipo burashi yanu ingakagwetse mtengo.

Gulu lachiwiri limene ndinapenta mwanjira imeneyi silinali la Waterloo. Linali la King's African Rifles, asilikali amene anakhazikitsidwa mu 1902, amene magulu awo oyamba awiri anali a ku Nyasaland, omwe aja chipilala chawo chili ku Zomba. Alipo makampani amene amawaumba m'chitsulo. Pa perete ankavala kaki, nambala 72, ndi chipewa chachitali chopanda mlomo, chimene kwa magulu ambiri chinali chofiira koma kwa a ku Nyasaland chinali chakuda. Nkhondo ya 1914 isanayambe, kutchire ankavala juzi yabuluu wodera, kabudula wa kaki ndi nsalu zabuluu zokulunga m'miyendo, ndipo nambala 104 amakwana pa buluuyo. Pamenepa malangizo akale amakusiyani panjira, chifukwa kachitini kamene ankakatcha ka khungu, nambala 61, ndi ka khungu la mzungu. Tengani nambala 98, wofiirira ngati chokoleti, mudonthezemo kofiira pang'ono kuti nkhope ikhale ndi moyo. Wakuda weniweni musapake pa khungu, chifukwa chipewa, nkhope ndi mizere zingokhala chinthu chimodzi. Ndipo pa kaki, mizere ija mujambule ndi wofiirira wodera m'malo mwa wakuda, ipyapyale kuposa ya pa jekete lofiira.